Kukonza maphunziro oti akhale m'mutu: malangizo kwa anzanga a m'mabungwe

Funso limene limandipeza kawirikawiri kuchokera kwa anzanga ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma muno mu Lilongwe ndi ili: "Mavolontiya athu tinawaphunzitsa sabata yathunthu, mayeso otsekera anakhoza, satifiketi tinawapatsa. Nanga bwanji titakawayendera patatha miyezi iwiri tinapeza akuchita zakale zomwe zija?" Ena amadziyankha okha kuti anthuwo ankangofuna alawansi, ena amati vuto ndi sukulu yochepa. Poti yankho langa silisintha, ndaganiza zolilemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Anthuwo alibe mlandu. Ubongo uli ndi njira yake yosungira zinthu, ndipo wekishopu ya masiku 5 ku loji ya ku Mponela kapena ku Salima, yoyamba 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, imatsutsana ndi njira imeneyo pafupifupi paliponse. Zimenezi zinadziwika kalekale. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus, wa ku Germany, anasindikiza zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo: zambiri zimaiwalika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Anapezanso kuti kubwereza kogawidwa m'masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kochuluka pa tsiku limodzi. Mlimi amazidziwa izi: chimvula cha ola limodzi chimathamangira kudambo, koma mvumbi ndi umene umalowa m'nthaka.

Zitsanzo zanga ndatenga ku ntchito za zaumoyo ndi kadyedwe, koma ndondomekoyi imagwiranso kwa alezi a sukulu za mmera mpoyamba, magulu a banki m'khonde ndi alimi otsogola.

1. Dulani zophunzitsa musanachite china chilichonse

Chinthu chatsopano chikalowa m'khutu, ubongo umayamba wachigwirizira kaye pamalo ena ochepa kwambiri. George Miller mu 1956 ananena kuti malowa amakwana zinthu pafupifupi 7, koma Nelson Cowan mu 2001 anaonetsa kuti chiwerengero chenicheni chili pafupi ndi 4. N'chifukwa chake nambala ya foni timaitchula moidula magawo atatu. Mukapitiriza kuthira zatsopano zoyambazo zisanakhazikike, zimangokankhana n'kugwa.

Choncho tengani pepala, mulembe funso limodzi pamwamba: "Akabwerera kumudzi, ndikufuna azikatha kuchita chiyani?" Muyankhe ndi zochita zooneka ndi maso. "Kumvetsa za kunyentchera" si chochita. Chochita ndi ichi: kuyeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ndi tepi ya MUAC, kudziwa kuti tepi ikaloza pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndi kudziwa mawu oti auze mayi wa mwanayo osamuchititsa manyazi. Zochita zotere zisapitirire zitatu kapena zinayi pa tsiku.

Cholakwika chofala ndi kuthera m'mawa wonse pa mbiri ya bungwe, zolinga za pulojekiti ndi matanthauzo a mawu, nthawi imene mitu ili yatsopano. Zimenezo zipatseni mphindi 10. Samalaninso ndi maphunziro otsika masitepe, amene anzathu amawatchula kuti cascade: akadaulo amaphunzitsa a ku boma, a ku boma amaphunzitsa mapulomota (oyang'anira mavolontiya m'madera), mapulomota amaphunzitsa mavolontiya. Pa sitepe iliyonse munthu amaiwalako zina. Buku la masamba 80 likayamba ulendo umenewu, chofika kwa mayi wa ku Chitekwere sichidziwika kuti chikhala chiti. Bola musankhe nokha zochepa zofunika zija kusiyana n'kuti kuiwala kukusankhireni.

2. Yang'anani kalendala ya m'mudzi, osati ya mu ofesi yokha

Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anasindikiza kafukufuku wa alimi a nzimbe 464 a ku Tamil Nadu m'dziko la India. Alimi omwewo anapatsidwa mayeso a kaganizidwe kawiri: asanakolole, ali ndi ngongole ndipo m'thumba muli mbee, komanso atakolola n'kulandira ndalama. Asanakolole anakhoza mocheperapo. Nzeru zawo sizinasinthe ayi. Nkhawa ya ndalama ndi imene inkadya malo ochepa aja ndatchula pamwambapa.

Kwathu kuno nyengo imeneyo timaidziwa: Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zitatha, ganyu ali pachimake, fizi ikufunika. Mukaitana mayi wa ku Malingunde kapena ku Kabudula kuti akhale pa benchi tsiku lonse mu Febuluwale, thupi lifika koma mutu utsala kumunda kwa mwini ganyu. Ngati n'kotheka, maphunziro akuluakulu aikeni pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Ngati pulojekiti sikulola, fupikitsani tsiku kuti pofika masana anthu akhale atabwerera. Mu Okutobala, m'tchalitchi cha malata, yambani m'mamawa kwambiri ndipo muweruke dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndalama ya mayendedwe muwauziretu kuti ndi zingati ndipo muipereke tsiku loyamba. Ndikudziwa kuti a zachuma amaopa kuti anthu akalandira athawa. Koma munthu amene wakongola ya kabaza pobwera, ndipo sakudziwa ngati adzabwezeredwa, amakhala akuwerengera ngongoleyo m'mutu inu mukulankhula za magulu 6 a zakudya. Ngati mukuopa, perekani tsiku ndi tsiku.

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake. Ambiri amafika atayenda mtunda osalawa kanthu, ndiye chakudya choyamba chikhale asanayambe kuphunzira, osati 10 koloko. Phala, mbatata, mtedza kapena thobwa zimagwira m'mimba kuposa Fanta ndi bisiketi, ndipo mukagula kwa amayi a m'mudzi momwemo ndalamayo itsala komweko. Pezaninso munthu wosamalira makanda panja, chifukwa mayi amene akutonthoza mwana sangamve. Ndipo lembani zilembo zikuluzikulu. Anthu ambiri akapitirira zaka 40 sawona bwino zapafupi, magalasi alibe, ndipo sadzakuuzani.

3. Chotsani mantha m'chipindamo

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Kakaona choopsa, tizigawo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, thupi limakonzekera kuthawa kapena kumenyana. Amy Arnsten wa ku yunivesite ya Yale wakhala akuonetsa kuti pa nthawi yotere mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi, imene timalingalira nayo ndi kugwirizira zatsopano, imafooka msanga. Kunjenjemera pang'ono kumadzutsa munthu, koma mantha enieni amatseka mutu. Ndipo kuchititsidwa manyazi pagulu thupi limakutenga ngati ngozi yeniyeni.

Tsono taganizani mmene timayambira. Bwana wochokera ku likulu wakhala kutsogolo, a mfumu ali pambali, ndipo chinthu choyamba ndi pepala la mayeso oyambira, lina mwa mawu ake m'Chingerezi. Mayi amene analekeza Sitandade 5, amene kusukulu amakumbukirako chikwapu, wauzidwa kale osalankhula kuti malo ano si ake. Timati safunsa anadya phula, koma timakonza chipinda choti wofunsa aoneke wopusa.

Alendo olemekezeka atsegule, adye nawo, kenako muwaperekeze mwaulemu. A mfumu mukawafotokozera padera kuti anthu awo amamasuka akakhala okha, amamvetsa. Mayeso oyambira achitike pakamwa, awiriawiri, popanda kulemba dzina la munthu. Lankhulani Chichewa chenicheni, osati chiganizo cha Chingerezi chovekedwa "ndiye" ndi "basi". Pa nkhani zimene amayi sangalankhule pamaso pa abambo kapena apongozi, agaweni. Wina akayankha molakwa, nenani kuti, "Zikomo aNabanda, ambiri amaganiza choncho, tiyeni tione limodzi," kenako mukonze yankholo momveka, musalisiye. Chilango choti wochedwa avine kapena aimbe kutsogolo chisiyeni. Achinyamata amaseka, koma agogo amene achedwa chifukwa chotunga madzi salankhulanso tsiku lonse.

Mutu ukakhala wa nkhanza za m'banja, kugwiriridwa kapena imfa za ana, dziwani kuti m'chipindamo muli amene zinawachitikira. Nenani pasadakhale zimene mukambirane, lolani aliyense kutuluka popanda kufunsidwa, ndipo musapemphe munthu kuti apereke umboni wa moyo wake. Gwiritsani nkhani yopeka ya munthu wa mudzi wina.

4. Funsani, musamangobwereza

"Tamvana?" "Eee!" Kuyankha kumeneku ndi ulemu chabe, si umboni woti zalowa.

Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, a ku Washington University ku St. Louis, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza. Gulu lina linaiwerenga kamodzi, kenako linauzidwa katatu kuti lilembe zonse zimene likukumbukira, pepala litachotsedwa. Patatha mphindi 5, owerenga mobwereza aja ndi amene anakhoza. Patatha sabata zinatembenuka: iwo anakumbukira 40 peresenti, anzawo ofunsidwa aja 61 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti obwereza aja ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Apa ndi pamene mayeso athu otsekera amatinamiza: amayeza za mphindi 5 zija, ife n'kumaganiza kuti tayeza za chaka.

Kuvutika pofufuza yankho m'mutu ndi kumene kumalimbitsa chikumbukiro. Choncho mukaphunzitsa mphindi 15 kapena 20, imani. Makope atsekedwe, filipi tchati ivundikiridwe, aliyense auze mnzake zimene wamva, kenako asinthane. M'mawa wa tsiku lachiwiri, mwambo woti munthu mmodzi aimirire n'kuwerenga zimene analemba dzulo umapindulira iye yekha. M'malo mwake funsani funso, dikirani mwakachetechete kuti aliyense aganize, kenako awiriawiri akambirane, ndiye musankhe woyankha. Musaiwale kupereka yankho lolondola pamapeto, kuopa kuti cholakwika ndicho chingakhazikike.

Luso la manja lili ndi njira yakeyake. Mu 1953 munthu wina wa ku America, Henry Molaison, anachitidwa opaleshoni chifukwa cha khunyu, ndipo anamuchotsa gawo lalikulu la hippocampus mbali zonse ziwiri. Kameneka ndi kachigawo ka mu ubongo kamene kamalandira zochitika zatsopano kuti zisungidwe. Kuyambira pamenepo sankatha kusunga zatsopano. Koma wofufuza wina, Brenda Milner, atamupatsa ntchito yojambula nyenyezi akuyang'ana dzanja lake pa kalilole, luso lake linkakula tsiku ndi tsiku, ngakhale iye sankakumbukira kuti anayesapo. Kudziwa ndi mutu ndi kudziwa ndi manja ndi zinthu ziwiri. Munthu amene wangoonerera inu mukusungunula paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa sanaphunzire kusungunula. Aliyense agwire botolo, agwire tepi, ayeze mkono weniweni kangapo inu mukuona. Kulangiza mayi wokana kupita kuchipatala nakonso ndi luso, ndipo kumaphunzirika pochita sewero, aliyense atengepo mbali. Nyimbo nazo musazipeputse. Amayi amakumbukira nyimbo za kusikelo zaka zambiri chifukwa amaziimba okha mobwereza, ndipo gulu likapeka lokha nyimbo ya zizindikiro zoopsa limakhala lafufuza kale m'mutu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimazungulira m'mabuku a ophunzitsa zoti muzitaye. Choyamba ndi chithunzi cha piramidi chonena kuti timakumbukira 10 peresenti ya zowerenga ndi 90 peresenti ya zimene taphunzitsa ena. Manambala amenewo alibe kafukufuku kumbuyo kwake, ndipo chithunzi cha Edgar Dale cha mu 1946 chimene anachitengerako chinalibe nambala iliyonse. Chachiwiri ndi kugawa anthu kuti awa amaphunzira ndi maso, awa ndi makutu. Harold Pashler ndi anzake ataunika nkhaniyi mu 2008 sanapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa motsatira magulu amenewa kumathandiza. Njira imasankhidwa ndi chophunziracho: mitundu ya tepi imafuna maso kwa aliyense.

5. Lolani anthu agone

Zimene hippocampus yalandira masana zimakhazikika usiku. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona kuti maselo a mu ubongo wa makoswe amene ankagwira ntchito limodzi khoswe akuyenda masana ankabwerezanso zomwezo ali m'tulo. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Choncho ntchito ya m'magulu ya usiku, yoti akapereke m'mawa, ichotseni. Chinthu chovuta kwambiri chiphunzitseni lero ndipo muchifunse mawa, kuti pakati pake padutse tulo.

6. Gawani masikuwo, ndipo mubwerereko

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi chiganizo chimodzi choti "chitani kalondolondo", pamene phindu lonse lagona pomwepa. Pavuta chifukwa pamakhudza ndalama.

Mfundo yake ndi yapafupi. Masiku 5 omwe aja musawadye nthawi imodzi. Phunzitsani masiku 2 otsatizana, ndipo masiku 3 otsalawo muwadule kukhala misonkhano 6 ya theka la tsiku: woyamba patatha sabata, wachiwiri patatha masabata awiri, ina yotsalayo mwezi ndi mwezi. Mipata iyambe yaifupi, izikula. Cholinga n'chakuti muwapeze atayamba kuiwala koma asanaiwaliretu. Amene amagwira ntchito ndi ma care group akuidziwa kale njirayi. Awa ndi magulu a mavolontiya pafupifupi 10 mpaka 15, aliyense woyang'anira mabanja oyandikana naye, amene amakumana ndi pulomota kawirikawiri, kuphunzira phunziro limodzi, n'kukaligawa m'makomo asanalandire lina. Njirayi inayambitsidwa ndi World Relief ku Mozambique mu 1995, ndipo mphamvu yake ili pa kuphunzira pang'ono, kukachita, n'kubwerera.

Msonkhano wobwereza usasanduke wekishopu ina. Uyambe ndi mafunso a zakale, makope ali otseka. Kenako aliyense aonetse luso ndi manja. Kenako funsani kuti, "Munakumana ndi chiyani chovuta m'makomo?" ndipo mupereke nthawi yambiri pamenepa, chifukwa mafunso enieni amabwera munthu atayesa. Chatsopano chikhale chimodzi, pamapeto. Asanabalalike, aliyense anene pakamwa chochita chake m'njira ya "zikatere, ndidzatere": "Ndikaona mwana watupa mapazi onse awiri, ndidzaperekeza mayi ake kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo." Wofufuza wina, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti malonjezo otchula nthawi ndi chochita motere amakwaniritsidwa kuposa ongoti "ndiyesetsa".

Tsopano zopinga zake. Choyamba ndi bajeti. Mzere wa maphunziro umakhala wonenepa, wa kuyendera wowonda, ndipo mafuta akasowa woyamba kudulidwa ndi wa kuyendera. Polemba pempho la thandizo, misonkhano yobwereza ilembeni pansi pa maphunziro, monga gawo lachiwiri mpaka lachisanu ndi chiwiri la maphunziro omwewo. Ngati pulojekiti inayamba kale, werengerani ndalama ya holo, malo ogona ndi chakudya cha ku loji, muiyerekeze ndi ya misonkhano ya m'tchalitchi kapena pasukulu ya m'mudzi, mupite nayo kwa opereka thandizo. Kawirikawiri yachiwiriyo imachepa, ndipo pempho losintha kagwiritsidwe ka ndalama losawonjezera kanthu silivuta kulivomera.

Chachiwiri ndi alawansi, ndipo tiyeni tilankhule chilungamo. Maphunziro amathawira kunja kwa mzinda chifukwa ogonera kumeneko amalandira ya usiku, ndipo kwa wogwira ntchito wa malipiro ochepa, ndi mmene zinthu zakwerera mitengo, ndalama imeneyo ndi lendi ya ku Area 25 kapena ku Chinsapo. Kwa volontiya ndi thumba la feteleza. Mukangolengeza kuti maphunziro azichitikira m'mudzi, mwawalanda chinthu chenicheni, ndipo adzakana mwakachetechete: galimoto idzakhala ilibe mafuta, anthu adzakhala ali kumaliro. Musawanyoze. Khalani nawo pansi musanasinthe kanthu, muwaonetse masamu, ndipo gawo la ndalama yopulumutsidwayo libwerere kwa iwo mwa njira yovomerezeka: ya mayendedwe ndi ya nkhomaliro pa msonkhano uliwonse, yofika pa nthawi yake kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mayunitsi, kukonzetsa njinga. Volontiya akaona kuti pa miyezi isanu walandira zofanana kapena kuposa za sabata ija, mkangano umatha.

Chachitatu ndi lipoti. Timawerenga "anthu ophunzitsidwa" chifukwa n'chosavuta kuwerenga. Gwirizanani ndi a kalondolondo kuti mayeso otsekera achitike patatha masabata 6 kapena 8, ndipo akhale oonetsa luso, osati olemba. Muwachenjezeretu abwana anu kuti manambala atsika poyerekeza ndi akale, kuti asadzaganize kuti njira yatsopanoyi ndiyo yalephera. Akale aja ankayeza tsiku lolakwika. Satifiketi nayo iperekedwe pa nthawi imeneyi, pamaso pa a mfumu ndi anthu a m'mudzi.

Chachinayi ndi mayendedwe ake a woyendera. Akafika ndi fomu ngati wapolisi, n'kuyamba kufufuza zolakwa m'kaundula, mantha ndatchula m'gawo 3 aja abwerera, ndipo volontiya adzaphunzira kudzaza kaundula bwino m'malo mogwira ntchito bwino. Woyendera apite naye limodzi pakhomo, aonerere osalowerera, kenako ali awiri panjira afunse kuti, "Mwaona kuti zayenda bwanji?" Atchule chimodzi chimene chayenda bwino ndi chimodzi chokha chokonza.

Nthawi ya dzinja misewu ya ku Chiwamba kapena kuseri kwa Mitundu ikavuta, foni ya mphindi 5 yofunsa mafunso awiri ndi yabwino kuposa kusowa mwezi wathunthu. Kutumiza uthenga wofotokoza sikufanana ndi kufunsa, choncho funsani. Ndipo kuyambira tsiku loyamba alangizi a zaumoyo a boma, ma HSA, akhale nawo m'maphunzirowo, chifukwa pulojekiti ikatha ndi iwo amene amatsala m'deralo.

7. Ophunzitsa nawonso ali ndi ubongo

Zonse ndanenazi zimadalira munthu mmodzi: mlangizi wa bungwe amene amakwera njinga yamoto kupita kumudzi. Ngati iye watheratu, sangadekhe podikira yankho, sangaone mayi amene wakhala chete pakona, ndipo adzabwerera ku kuwerenga masilaidi chifukwa n'kumene sikufuna mtima.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza kutheratu mphamvu pa ntchito monga vuto lochokera ku kupanikizika kwa kuntchito kwa nthawi yaitali kumene sikunasamalidwe. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutopa kosatha, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kuuma mtima pa anthu amene ukuwathandiza, ndi kulephera kugwira bwino ntchito. Onani kuti gwero lake laikidwa pa ntchito, osati pa kufooka kwa munthu. Cortisol amene amathandiza pa ngozi ya mphindi zochepa akakhala pamwamba miyezi yambiri amasokoneza tulo ndi chikumbukiro. Amene anagwira ntchito pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, kapena anatumizidwa kumwera pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ambiri anabwerera n'kupatsidwa lipoti loti alembe mawa lake. Mukamva mlangizi wofatsa wayamba kunena kuti "anthu a kumudzi samva", wayamba kuiwala zapafupi, kukwiya msanga kapena kumwa mowa kwambiri, musathamangire kalata yochenjeza.

Ngati ndinu woyang'anira, zambiri zili m'manja mwanu ndipo sizifuna ndalama. Ndalama ya ulendo ituluke ulendo usanayambe, kuti munthu asagwiritse ya ndiwo za ana ake. Uthenga wa ntchito pa WhatsApp usatumizidwe usiku kapena Lamulungu pokhapokha pali ngozi. Tchuthi chitengedwe ndithu, ndipo wopita ku tchuthi asaimbiridwe. Mavolontiya auzidwe maola angati pa sabata amene mukuyembekezera, ndipo mabungwe ogwira m'dera limodzi agwirizane, chifukwa mayi wakhama mmodzi yemweyo amapezeka ali mu komiti iliyonse. Kamodzi pa mwezi khalani ndi munthu aliyense payekha popanda fomu, mufunse kuti akugona bwanji ndipo ndi nkhani iti ya kumudzi imene ikumutsatira kunyumba. Wekishopu ya tsiku limodzi ya kusamala maganizo siingakonze ntchito ya anthu atatu yoikidwa pa munthu mmodzi.

Pakachitika choopsa, monga imfa ya mwana amene gulu limamutsatira kapena ngozi ya pamsewu, musasonkhanitse anthu n'kuwakakamiza kuti aliyense afotokoze mmene anamvera. WHO imalangiza kuti njira yokambirana kamodzi mokakamiza imeneyi isagwiritsidwe ntchito. Chimene buku lake la mu 2011 la thandizo loyamba la maganizo limaphunzitsa ndi kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza: onani amene wavutika, mumvereni ngati akufuna kulankhula, muthandizeni pa zosowa zenizeni monga mpumulo ndi mayendedwe, ndipo mumulumikize ndi abale ake, a mpingo kapena a mzikiti, ndi achipatala.

Ambiri amapeza bwino m'masabata ochepa. Koma ngati patha masabata awiri munthu sakugona, sakudya, sakusangalala ndi chilichonse, kapena akungoganiza kwambiri mpaka ntchito yaima, mupezereni thandizo. Muno mu Lilongwe chipatala cha Bwaila chili ndi gawo loona za matenda a maganizo, ndipo a chipatala cha St John of God ali ku Area 43. Akanena zofuna kudzipha, ngakhale mongodutsa, mufunseni mosabisa ngati akuganizadi zimenezo. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwake. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda, chingwe ndi zina zoopsa pafupi naye, dziwitsani wachibale amene iye amamukhulupirira, ndipo mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Manambala a malo amenewa asungidwe mu foni ya woyang'anira aliyense, ndipo a zachuma avomerezeretu kuti galimoto ya bungwe ikhoza kunyamuka pa ulendo wotere popanda kudikira siginecha.